Tizipangizo toyezera mafunde a wailesi: tanzeru, koma sitichedwa kupsa

Zaka 15 zapitazo, munthu wokonda kusewera ndi mawailesi akapanga eriyo yake nthawi zina ankangodalira makutu ndi mwayi. Ankaikweza pansungwi, n'kuyatsa wailesi, n'kufunsa mnzake wakutali ngati akumumva bwino. Makina enieni oyezera zinthu zotere analipo, opangidwa ndi makampani monga Hewlett-Packard, Anritsu ndi Rohde & Schwarz, koma mtengo wake unali wogulira galimoto. Ankapezeka makamaka kumakampani a lamya, kunyumba zikuluzikulu zoulutsira mawu ndi m'masukulu aukachenjede.

Lero ntchito yomweyo ikugwiridwa ndi tizipangizo tokwana m'thumba la malaya. Kotchuka kwambiri ndi NanoVNA, komwe kanayamba ndi katswiri wina wa ku Japan wodziwika pa intaneti ndi dzina loti edy555, ndipo kanafala padziko lonse cha m'ma 2019 mafakitale a ku China atayamba kukapanga kochuluka. Kena ndi tinySA, komwe anakonza ndi Erik Kaashoek wa ku Netherlands, ndipo kanafika pamsika mu 2020. Kunjako, mitundu yoyambirira ya tizipangizoti imagulidwa pamtengo wozungulira madola 50.

Kwa mnzathu wa ku London kapena ku Johannesburg, kakapsa amangoitanitsa kena. Kuno kwathu nkhani ndi ina. Ndalama zakunja n'zosowa, kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo pamwamba pa mtengo wogulira pamabwera ndalama yotumizira, msonkho ndi masabata angapo odikira. Kakawonongeka, ngakhale mmisiri wamafoni wodziwa ntchito mumsika wa Limbe amangokatembenuza uku ndi uku, chifukwa tizitsulo tam'kati mwake n'tochepa kuposa njere ya mpunga ndipo topsa sitipezeka m'mashopu athu. Choncho wogula kachipangizo kotere m'dziko muno ayenera kuphunzira kukateteza tsiku lomwelo lomwe akuphunzira kukayatsa.

Ntchito yake ndi yotani?

NanoVNA imayankha funso limodzi lalikulu: kodi mphamvu yomwe wailesi ikutumiza ku eriyo ikutulukadi kupita mumlengalenga, kapena ikubwerera? Zili ngati madzi m'paipi yothina kumapeto: ena amatuluka, ena amakankhira m'mbuyo mpaka pampu kutentha. Muyeso wa kubwereraku umatchedwa SWR. Ukakhala 1, palibe chobwerera. Ukafika pa 2, pafupifupi 11 peresenti ya mphamvu ikubwerera. Pa 3, gawo limodzi mwa magawo anayi likubwerera, ndipo wailesi yotumiza mawu imayamba kutentha mpaka ina kupsa.

Tiyerekeze kuti mukupanga eriyo ya 145 MHz, pakati penipeni pa gawo la 144 mpaka 146 MHz lomwe muno mu Africa linapatulidwira anthu olankhulana pawailesi mongokonda. Masamu ake ngosavuta. Gawani 300 ndi 145, mupeza kuti funde limodzi ndi lotalika mamita awiri ndi pang'ono. Kotala yake ndi masentimita 52, ndipo pawaya weniweni imatsikira cha pa 49. Dulani wayayo motalikirapo, mulumikize ku NanoVNA, muone pomwe mzere wa SWR watsikira kwambiri. Ukatsikira pansi pa 145, waya watalika, ndiye muzidula pang'onopang'ono, mamilimita awiri kapena atatu, mukuyeza. Kuona maso a nkhono n'kudekha, pajatu waya wodula mopitirira sabwezeretseka.

Koma musanayeze chilichonse, kachipangizoka kamafuna kukakhazika pa ziro. Mlimi aliyense amene anagulitsapo soya kwa vendala amadziwa zomwe sikelo yosakhazikika imachita. M'bokosi mwa NanoVNA mumabwera tizitsekero titatu tooneka ngati timabatani. Koyamba n'kotsegula, kachiwiri n'kogunditsa mawaya, kachitatu kali ndi ma ohm 50, womwe ndi muyeso wa mawailesi olankhulirana. Mumatimanga kamodzikamodzi kumapeto kwa chingwe chomwe muyezere, kachipangizo n'kumasunga zomwe kapeza. Mukasintha chingwe kapena gawo la mafunde lomwe mukuyeza, bwerezaninso. Titatuti tisungeni ngati chiphaso chaunzika, makamaka ka ma ohm 50, chifukwa kakatayika manambala onse amasanduka nkhambakamwa.

Ntchito ya tinySA ndi kumvetsera. Imajambula pagalasi lake mafunde onse omwe ali pamalopo, lililonse ngati kaphiri, ndipo kutalika kwa kaphiriko ndiyo mphamvu yake. Mukaitchera pakati pa 87.5 ndi 108 MHz mumaona mawailesi onse a FM a m'dera lanu atandandalika. Phindu lake lenileni ndi kuulula zomwe khutu silimva. Wailesi yotumiza mawu yopangidwa mwachinyengo simangolankhula pamalo pake pokha. Imatayiranso mphamvu pa nambala yowirikiza kawiri kapena katatu, mwachitsanzo ya 145 n'kumamvekanso pa 290 ndi 435 MHz, ndipo ina imamwaza phokoso m'mbali mwake.

Apa mpamene masewerawa amakhudzira anthu ena. Pamwamba penipeni pa FM, kuyambira 108 mpaka 137 MHz, ndi gawo la ndege, ndipo 121.5 MHz ndi pomwe woyendetsa ndege amaitanira thandizo zikavuta. Kamakina kotchipa koulutsira nyimbo kakamataya phokoso kumeneko, nkhaniyo yafika pa miyoyo ya anthu. N'chifukwa chake mafunde ali ndi wowayang'anira. Kuno ndi bungwe la MACRA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la zamtokoma ndi mauthenga la 1998, lomwe linalowedwa m'malo ndi la 2016. Wofuna kutumiza mawu pamafunde amayenera chilolezo, ndipo amene wachipeza monga wokonda chabe amapatsidwa dzina lapawailesi loyamba ndi 7Q, monga a ku Zambia amayambira ndi 9J. Kuyeza wailesi yako usanalankhulirepo ndi ulemu womwewo wosatayira zinyalala pakhomo pa mnzako.

Zomwe zimatipha

Mdani woyamba ndi mphamvu yochuluka. Khomo la tinySA yoyambirira limapirira mamiliwati 10 okha, omwe pagalasi amalembedwa +10 dBm, ndipo malire a tinySA Ultra ndi otsikirapo. Tsono wailesi yam'manja ya Baofeng, ngati zija amanyamula alonda, imatulutsa pafupifupi mawati 5. Kumeneko n'kuwirikiza malire aja ka 500. Kulumikiza ziwirizi ndi chingwe n'kudina batani lolankhulira kuli ngati kuthira ndowa yathunthu m'kapu ya tiyi. Sipamveka kuphulika, sipatuluka utsi, galasi limayakabe bwinobwino, koma kachipangizoko kagontha ndipo manambala ake ayamba kunama.

Mankhwala ake ndi kachitsulo kochepetsa mphamvu kotchedwa attenuator, komwe kamakhala pakati pa wailesi ndi choyezera. Ka 30 dB kamachepetsa mphamvu ka 1,000, kotero mawati 5 amasanduka mamiliwati 5, zomwe zikadali pafupi kwambiri ndi malire. Ka 40 dB kamachepetsa ka 10,000, n'kutsala theka la miliwati, ndipo apo mtima ungakhale m'malo. Onaninso mawati omwe kachitsuloko kamapirira. Tating'ono ta mawati awiri timapsa tokha, ndiye pa wailesi ya mawati 5 pezani ka mawati 10 kapena kuposa. Wogula tinySA osagula kachitsuloka ali ngati wakabaza wogula njinga yamoto yopanda mabuleki.

Ngakhale mphamvu isafike popsereza, ikachuluka kachipangizoka kamayamba kupeka timapiri tabodza, inu n'kumanyoza wailesi yosalakwa. Njira yodziwira ndi iyi: onjezerani 10 dB ina yochepetsera. Ngati timapiri tonse tatsika mofanana, n'toona. Ngati tam'mbalito tatsika kwambiri kuposa phiri lalikulu, tinabadwira m'kati mwa choyezeracho. Ndipo mukamayeza popanda chingwe, ndi kaeriyo kosolola kaja, wailesi yotumiza ikhale mamita angapo kutali. Okhala m'munsi mwa nsanja zamphamvu, monga za paphiri la Mpingwe ku Blantyre kapena la Dedza, adziwe kuti eriyo yaikulu imatola mphamvu ya nsanjazo n'kusokoneza zomwe NanoVNA ikuwerenga.

Mdani wachiwiri saoneka. Mukamavula juzi yanayiloni mumdima m'miyezi ya Juni ndi Julaye mumamva kuthetheka, mwina n'kuona timoto. Magetsi omwewo amadzikundikira pawaya wautali wa eriyo mphepo youma ndi fumbi zikamaukhudza, ndipo amatha kufika mavoti mazana kapena masauzande. Kwa munthu ndi kongodzidzimutsa, koma kwa NanoVNA ndi imfa. Chakudza sichiimba ng'oma. Musanalumikize chingwe chochokera padenga, gunditsani kaye kawaya kapakati ndi chitsulo chakunja kwa pulagi kwa masekondi angapo, pogwiritsa ntchito sikuludiraiva kapena kawaya kena, kuti magetsiwo atayike. Inunso gwirani kaye chitsulo chokhudza nthaka, monga mpopi wamadzi wachitsulo. Mukamaliza kuyeza, masulani nthawi yomweyo.

M'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, lamulo ndi limodzi: kukayamba kugunda, ngakhale kuseri kwa phiri, siyani zonse. Mphenzi sichita kufuna kugwa pa eriyo yanu kuti iwononge. Ikagwa chapafupi, waya wautali umatola mphamvu yokwanira kupha chipangizo. Ikagwa pa eriyo yeniyeniyo, wogwira chingwe ndiye ali pangozi, ndipo chipangizo chimagulidwanso koma munthu ayi.

Mdani wachitatu amakola amisiri okhoma madishi a kanema. Chingwe chochokera ku dikoda chimanyamula mavoti 13 kapena 18 opita ku kamutu ka padishi, ndipo ma eriyo ena a kanema okhala ndi chokuzira mphamvu nawonso amadyera magetsi m'chingwe momwemo. Musanalumikize choyezera ku chingwe chomwe simukuchidziwa bwino, yambani mwachiyeza ndi mita wamba ya magetsi. Kukakhala kotheka gulani kachitsulo kotchedwa DC block, komwe kamalola mafunde kudutsa koma n'kutsekereza magetsiwo. Kumbukiraninso kuti zingwe za kanema ndi za ma ohm 75, choncho manambala ake pachoyezera cha 50 amafuna kuwamasulira mosamala.

Mdani wachinayi ndi zala zathu zomwe. Timapulagi tagolide ta tizipangizoti, totchedwa SMA, tinapangidwa kuti timangidwe ndi kumasulidwa maulendo pafupifupi 500, ndipo tinangowotchereredwa pabolodi lam'kati. Mukamangapo chingwe chokhuthala cholemera, n'kuchikoka pang'ono, pulagi imathyoka pamodzi ndi bolodilo. Mangani kachingwe kafupi kofewa kapena kapulagi kotchipa kapakati, n'kukasiya pomwepo masiku onse kuti kaziperepeseka ndi komweko. Pomanga, zungulizani nati yokha, chingwe chikhale chili njii, ndipo mphamvu ya zala ndi yokwanira, pulayala ayi. Samalaninso ndi mapulagi a Wi-Fi otchedwa RP-SMA. Amamangika bwinobwino ngati anzake, koma kasingano kake kali mbali yosiyana, ndiye mwina sipakhala kukhudzana, mwina masingano awiri amagundana n'kupindana.

Zotsalazo ndi za tsiku ndi tsiku. Batire lake ndi la lithium ngati la foni, ndipo limadana ndi kutentha. Kusiya kachipangizo m'galimoto yotseka mu Okutobala ku Nsanje kapena ku Salima n'kulitupitsa dala. Likatupa lichotseni msanga lisanaswe galasi kapena kuyaka. Tchajani ndi chaja yodalirika ya mavoti 5, ndipo magetsi akazima chotsani pasoketi, poti pobwera nthawi zina amabwera ndi ukali. Poyeza eriyo yapanja ndi bwino kachipangizo kaziyendera batire lake, kosalumikiza ku chaja kapena ku kompyuta yomwe ili pamagetsi a m'nyumba, kuopa kuti magetsi osochera angadutsire m'kati mwake popita kunthaka. Posunga, kabokosi kapulasitiki kotseka bwino, kokhala ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato, kamateteza ku fumbi la chilimwe ndi chinyontho cha dzinja.

Pomaliza pali nkhani ya zachinyengo. Tizipangizoti tili ndi tofanizira tambiri pamsika wa pa intaneti, tooneka chimodzimodzi kunja koma toperewera zitsulo zotchinga m'kati. Mu tinySA muli njira yoti idziyese yokha: mumalumikiza makomo ake awiri ndi kachingwe komwe kamabwera m'bokosi, n'kuiuza kuti idziyeze. Chitani zimenezi tsiku lomwe yafika, nthawi yobweza katundu isanathe, ndipo muzibwereza mukakayikira kuti yalandira mphamvu yopitirira. Pa NanoVNA, mangani ka ma ohm 50 kaja mukatha kuikhazika pa ziro, muone ngati SWR ikuwerenga 1.

Wina angafunse kuti zonsezi n'zachiyani m'dziko lomwe aliyense ali ndi foni. Namondwe wa Freddy atagwa mu Marichi 2023, madera ambiri a m'chigawo chakummwera anakhala opanda magetsi, misewu itaduka, ndipo kupeza mnzako pafoni kunali kovuta. Pa nthawi ngati imeneyo wailesi ya batire ndi eriyo yodulidwa molondola zimafika pomwe foni yalephera. Mawailesi a m'madera nawonso, omwe achuluka m'maboma athu, amafuna anyamata ndi atsikana odziwa kuyeza chingwe ndi eriyo makina oulutsira mawu asanapse. Luso lotere limayambira pa kachipangizo kamodzi kogulidwa movutikira, mwina kosonkherana anthu asanu. Ngati n'kosonkherana, gwirizanani kuti wobwereka aliyense azitenga pamodzi ndi kachitsulo kochepetsa mphamvu kaja, ndipo aziyamba waonetsa anzake kuti amadziwa kutaya magetsi a pachingwe asanalumikize.