Masewera Ogulitsa Mantha Ali pa Khomo

CHIPUTO, Marávia — Chiyambire 2012, pamene kampani ya Movitel inayamba kufikitsa mafoni m'maboma akumidzi, zambiri zalowa m'midzi ya m'malire kudzera m'kachipangizo kokwana m'thumba. Nyimbo, mpira, mauthenga a abale okhala ku Tete kapena ku Zambia, ndiponso masewera a pa kanema. Pakati pa masewerawa pali mtundu umodzi umene makolo ayenera kuudziwa, chifukwa malonda ake ndi mantha.

Mtunduwu unatchuka mu 1996 ndi sewero la Resident Evil la kampani ya Capcom ya ku Japan. Pambuyo pake opanga masewera anasamutsira nkhani zawo kuthambo, m'zombo zakutali kumene munthu sangathawire kwa mnansi.

Sewero la Dead Space, lomwe linatuluka mu 2008 ndi kukonzedwanso mu 2023, likuonetsa bwino m'mene manthawo amaphikidwira. Wosewera amakhala Isaac Clarke, mmisiri wokonza makina, amene wafika pa chombo chotchedwa Ishimura n'kupeza anthu ake atasanduka zilombo. Isaac si msilikali. Chida chake choyamba ndi makina odulira, ndipo kuombera chilombo pamutu sikuthandiza kwenikweni: ayenera kuchidula manja ndi miyendo, chimodzichimodzi, chikumuthamangira. Zipolopolo n'zowerengeka. Akatsegula thumba lake kuti aone zotsala, sewero siliima, chilombo chimabwerabe.

Koma chimene chimagunditsa mtima kwambiri ndi nthawi imene palibe chikuchitika. Magetsi amathima n'kuyakanso. Chitsulo chimalira kuseri kwa khoma. Akatulukira kumene kulibe mpweya, phokoso limazimirira, amangomva kupuma kwake. Wosewera amayenda m'kanjira kamdima osaona kanthu, thukuta lili kamukamu.

Alien: Isolation, sewero la mu 2014 la kampani ya Creative Assembly ya ku England, linafika patali kuposa apo. Nkhani yake imatsatira filimu ya Alien ya mu 1979. Wosewera ndi mayi wotchedwa Amanda Ripley, ndipo chilombo chomusaka sichifa ndi mfuti. Akaombera, phokoso limachiitana. Moto umangochithamangitsa kwa kanthawi. Chotsala ndi kukwawa pansi pa tebulo, kubisala m'kabati, kugwira mpweya mpaka chidutse. Ngakhale kachipangizo komuuza kumene chilombo chili kamalira, ndipo chikakhala pafupi chimakamva.

Apa m'pamene nkhaniyi ikukhudza dera lino. Akuluakulu a ku Chiputo, Malowera ndi Fingoè safuna wowaphunzitsa kuti kubisala uli chete n'kutani. Nkhondo isanathe ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, mabanja ambiri a m'chigawo cha Tete ankagona kutchire, ena anathawira ku Malawi, ena ku Zambia, monga ku msasa wa Ukwimi. Mabomba okwirira pansi anatsala m'njira kwa zaka zambiri, mpaka boma linalengeza mu 2015 kuti malo onse odziwika ayeretsedwa. Zimene agogo anakumana nazo moyo uli pachiswe, mdzukulu wobadwa mu mtendere amaziona ngati zosangalatsa. Sitinganene kuti mwanayo walakwa, pakuti iye ali ndi batani lozimitsira. Koma agogo akamva kulira kwa mfuti ndi kukuwa kuchokera m'foni usiku n'kupempha kuti izimitsidwe, pempho lawo lili ndi mutu.

Ku Ulaya masewera awiriwa anaikidwa chizindikiro cha 18, kutanthauza kuti ndi a akulu okha, chifukwa cha magazi ndi mitembo yodukaduka. Nambalayi imalembedwa pachikuto kapena pamalo ogulira sewero. Vuto n'lakuti zinthu zoperekezana kuchokera pa foni kupita pa foni nthawi zambiri zimafika popanda chizindikiro chilichonse, choncho kholo liyenera kuona lokha zimene mwana wa zaka 10 akuonera.

Dead Space ya mu 2008 ndi ya mu 2023 zimafuna kompyuta kapena makina a masewera monga PlayStation ndi Xbox. Alien: Isolation yokha inalowa m'mafoni mu 2021, koma imafuna foni yamphamvu, malo ambiri osungira ndi batire yodzaza. Kuonera ena akusewera pa YouTube sikufuna zonsezo, foni wamba ya intaneti ikukwanira.