Tisitima tating'ono: wamkulu akuphunzira, koma yang'anirani mng'ono wake

Ku Japan anapanga sitima yapamtunda yoti injini ndi mabogi ake onse mukhoza kuziika pachikhatho. N'choseweretsa inde, koma imayenda ndi magetsi pa njanji yakeyake ya chitsulo. Mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanjiyo ndi mamilimita atatu basi. Kampani ya Eishindo inaionetsa koyamba pa chionetsero cha zidole ku Tokyo mu 2006, ndipo imatchedwa T gauge. Chilichonse cha pa sitima yeniyeni anachichepetsa ka 450. M'mbuyomo yotchuka ndi kuchepa inali ya kampani ya Märklin ya ku Germany, yomwe inatuluka mu 1972 itachepetsedwa ka 220.

Kuti mumvetse bwino, ganizani za njanji yochoka ku Limbe kulowera ku Luchenza, ija anthu a cha ku Mikolongwe amaidziwa. Ndi chigawo cha njanji yomwe inatsegulidwa mu 1908 pakati pa Nsanje ndi Blantyre, ndipo zitsulo zake zinatalikirana mamilimita 1,067. Mutachepetsa zonse ka 450, injini yotalika mamita 18 ingakhale masentimita anayi, yofupikirapo kuposa chala chanu cham'kombaphala. Woyendetsa wake angafanane ndi njere ya mapira. Mtunda wa kilomita imodzi ungakwane pa mphasa, kungotsala pang'ono.

T gauge simuipeza pa msika wa Namitambo kapena pa Mbulumbuzi. Koma amisiri a tinthu tating'ono alipo m'mudzi mwanu momwemo. Ndi ana aja amalumikiza mabokosi a machesi kapena zitini za nsomba kukhala mabogi, zivindikiro za mabotolo n'kukhala mateyala, mawaya ndi mapesi n'kukhala njanji. Ena afika patali: amachotsa kamota m'chidole chakufa cha pa kaunjika kapena mu wailesi yakale, n'kulumikiza ku batire kuti sitima iziyenda yokha.

Ana amenewa amakumana ndi vuto lomwe akatswiri a ku Japan anakumana nalo. Mukachepetsa chinthu ka 450, kulemera kwake sikuchepa ka 450 ayi. Kumachepa ka 450 m'litali, ka 450 m'lifupi ndi ka 450 mu msinkhu, ndipo mukachulukitsa zitatuzi mupeza kuposa ka 91 miliyoni. Tiyerekeze injini ya matani 80: pa muyezo umenewu singakwane ndi galamu imodzi yomwe. Chinthu chopepuka chotere mateyala ake amangoterereka, ndipo kafumbi kamodzi kamakwanira kudula magetsi. Ku Japan anathana nazo popanga mateyala a maginito oti azimamatira ku njanji. Mwana wanu amathana nazo poika timiyala m'chitini. Palibe anam'phunzitsa, koma wazindikira kuti teyala limagwira pansi likalemedwa.

Ndiye musathamangire kum'landa mawaya n'kunena kuti akutola zinyalala. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anapanga makina amphepo opangira magetsi ali ndi zaka 14, ndi zitsulo zotola zomwezi. Nkhawa yathu ili pa mwana wina amene wakhala chapafupi: wokwawa uja, kapena wa zaka ziwiri, amene chilichonse chonyezimira amachiponya m'kamwa.

Choopsa koposa ndi kabatire kobulungira kooneka ngati ndalama yachitsulo, kopezeka m'mawotchi, m'tizidole toyaka, m'makalikuleta ndi m'malimoti ena. Kakakulirapo, kolembedwa CR2032, n'ka mamilimita 20 m'lifupi ndipo kamatulutsa mavoti atatu. Kukula kumeneku n'kokwanira kuti kakakamire pakhosi pa mwana, m'njira ya chakudya, osatsikira m'mimba.

Ambiri amaganiza kuti vuto ndi madzi otuluka m'batire ikaphulika. Si choncho. Batire ikakhudza mnofu wonyowa, magetsi amayamba kuyenda, ndipo amasandutsa madzi a m'thupi kukhala mankhwala owotcha ofanana ndi soda wopangira sopo. Pakatha maola awiri okha m'mero mukhoza kukhala mutapsa kale. Zikapitirira pamabooka, ndipo bowolo likhoza kufika ku njira ya mpweya kapena ku mtsempha waukulu wa magazi womwe umadutsa chapafupi. Batire yoti "yatha", yosayatsanso chidole, imakhalabe ndi moto wokwanira kuchita zimenezi. Ndipo zotha zomwezi ndi zimene akuluakulu timazisiya pawindo kapena kupatsa ana.

Chovuta n'chakuti poyamba mwana amatha kuoneka bwinobwino. Kenako amayamba kutuluka dovu, kukana phala, kulira pomeza, kusanza kapena kutsokomola, zomwe kholo lililonse lingaziyese chimfine. N'chifukwa chake kukayika kokha n'kokwanira. Ngati kabatire kasowa pamalo pomwe khanda limasewera, nyamukani nthawi yomweyo, usiku kapena masana. Musam'sanzitse, musam'pise chala kukhosi, musam'kakamize nsima kapena nthochi kuti "zitsike". Pitani komwe kuli makina a X-ray, monga chipatala cha boma cha Chiradzulu kapena cha St Joseph's ku Nguludi. Mukayambira pa chipatala chaching'ono, nenani mawu akuti batire pakhomo pomwe, kuti musaikidwe pamzere komanso kuti akutumizeni msanga. Tengani chidolecho kapena batire inzake kuti adokotala aone kukula kwake. Batire yokakamira amaichotsa ndi chipangizo chapadera mwana atagonekedwa tulo, ndipo matenda otere nthawi zambiri amathera ku Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe kuli chipatala cha maopaleshoni a ana cha Mercy James chomwe chinatsegulidwa mu 2017.

Pali thandizo limodzi la panjira lomwe akatswiri a zapoizoni ku America amalimbikitsa, ndilo uchi. Ngati mwana wapitirira chaka chimodzi, akutha kumeza, ndipo sipanadutse maola 12, m'patseni masupuni awiri a tiyi a uchi mphindi 10 zilizonse, osaposa kasanu n'kamodzi. Uchi umakuta batire n'kuchedwetsa kupsako. Suchiza, ndipo musataye nthawi kuyenda khomo ndi khomo kuufuna. Khanda losakwana chaka musalipatse uchi konse, chifukwa ukhoza kulidwalitsa matenda ena oopsa.

Batire imalowanso m'mphuno ndi m'khutu. Mukaona mamina onunkha akutuluka mbali imodzi yokha ya mphuno, ganizani za chinthu chomwe chalowamo. Musathiremo madzi kapena mafuta, popeza chinyezi ndicho chimathandiza magetsi kuwotcha.

Maginito nawo ali ndi nkhani yawo. Ana opanga sitima amakonda timaginito ta m'mahedifoni ndi m'masipika a foni, polumikizira mabogi. Kamodzi kokha kakamezedwa nthawi zambiri kamatuluka ndi chimbudzi. Tiwiri, kapena kamodzi ndi kachitsulo, timakokana tili m'magawo osiyana a matumbo, n'kupana mnofu pakati mpaka kuboola. Mwana sangakuuzeni kuti wameza tingati, choncho ulendo ndi womwewo wa ku X-ray, ngakhale asakumva kupweteka.

Zotsala, monga zivindikiro, timiyala ndi timateyala, vuto lake ndi kutsamwa. Opanga zidole m'maiko ambiri amayesa tizidutswa ndi kachubu ka masentimita atatu ndi pang'ono m'lifupi: cholowamo chathunthu sichiyenera mwana wosakwana zaka zitatu. Kunyumba pangani bwalo ndi chala chachikulu ndi cham'kombaphala. Chodutsapo chikhale kutali ndi khanda. Mwana akatsamwa koma akutsokomola mwamphamvu, m'lekeni atsokomole. Akalephera kulira kapena kupuma, m'weramitseni mutu ukhale m'munsi, mum'menye ndi chikhatho kasanu pakati pa mapewa. Zikakanika, wopitirira chaka m'gwireni chakumbuyo n'kukanikiza kasanu pamwamba pa mchombo, cham'kati ndi cham'mwamba. Khanda ligonekeni chagada n'kukanikiza pakati pa chifuwa ndi zala ziwiri kasanu. Bwerezani mosinthana wina akuthamangira thandizo. Za mabala a mawaya a dzimbiri, tsukani ndi sopo ndi madzi oyera, ndipo onani m'buku la kusikelo ngati mwana analandira katemera yense woteteza kafumbata.

Mmisiri wamng'onoyo m'sandutseni mnzanu pa ntchitoyi. M'patseni chitini cha chivindikiro cholimba chosungiramo zida zake, ndi malo okwera oti azigwirirapo ntchito. M'fotokozereni chifukwa chake. Mwana wodziwa kulumikiza mota ku batire sangalephere kumva kuti magetsi omwewo amawotcha m'mero mwa mng'ono wake. Sitima yake aziyendetsa ndi mabatire akuluakulu a tochi, omwe sangamezeke. Timabatire takutha tikulungeni ndi selotepi mbali zonse n'kutsekera m'botolo poti ana safika. Musataye pamoto, timaphulika.

Inu alangizi a zaumoyo ndi anthu odzipereka a m'midzi, pa tsiku la sikelo mukhoza kuonetsa amayi ndi maso awo. Sikelo ikuyamba, ikani kabatire ka CR2032 pakati pa tizidutswa tiwiri ta nyama yaiwisi, muphimbe m'mbale. Pomaliza kuyeza ana, patatha maola awiri kapena atatu, tsegulani: pomwe panagona batire mupeza bwalo lakuda, lopsa. Nyamayo ikwirireni, batire muitenge. Amene ali ndi funso akhoza kuimba ku Chipatala Cha Pa Foni.