Tsiku lovina pa chitsulo, mafuta asiyeni

Mwana wa achemwali anga wayamba kuphunzira pole dance, gule wokwera ndi kuzungulira pa chitsulo choimirira, ndipo anandifunsa chifukwa chake amangotsetsereka. Choyamba ndi zovala. Ine kale ndinkayesa kuti zovala zazifupi za ovinawo n'zongokopera maso. Ayi ndithu. Chomwe chimagwira chitsulocho ndi khungu, makamaka la m'ntchafu ndi kuseri kwa bondo, pomwe nsalu imaterera. Mukadzola mafuta tsikulo, chitsulo chimasanduka mlamba m'manja. Chipukuteni ndi spirit thukuta likachuluka.

Zitsulo zambiri n'zonenepa mamilimita 45. Zapanyumba zambiri zimaima pokanikiza pansi ndi kudenga, choncho pamwamba pafunika konkire kapena mtanda wolimba. Siling'i ya bolodi ingabooke. Pansi yalani matiresi okhuthala. Zozondoka mutu pansi, dikirani kaye mphunzitsi akhale pambali panu.