Nthawi ya Namwino ndi Ife Alimi

Lero sindinena za cimanga ai, koma za namwino, pakuti m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene tiri pa kalikiliki kupalira ndi kubandira, ndi pomwenso malungo acuruka m'midzi.

Namwino akalowa nchito m'mawa, ayamba wamva mau kwa mnzace wocezera usiku. Tsono satsata amene anafika poyamba ai. Atsogoza mwana wokomoka, wolephera kuyamwa, kapena wopuma mobanika. Inu anyakwawa, mukaona mai wofika pambuyo panu alowa msanga, musati mwanyozedwa.

Mankhwala nawonso ali ndi maora ace. Jekeseni wa malungo akuru abayidwa wodwala atangofika, nabwerezedwa pa maora 12, ndiponso pa maora 24. Ora limenelo likakwana, namwino sangaime kuceza nanu za mvula.

Koma omsautsa kwambiri ndife alimi. Mwana watentha thupi m'mamawa, ife tikuti tiyambe tatsiriza ndime; tifika naye usiku atafooka kale, pamene anamwino ali ocepa. Mafumu, uzani anthu anu kuti azinyamuka naye m'mawa momwemo, buku lace la kucipatala liri m'manja, kuti namwino asataye nthawi kufunsa zakale.