Oyenda ndi Mafunso m'Midzi ya kwa Zulu

Pali mtundu wa antchito umene anthu a kwa Inkosi Zulu, ku Mchinji, auzolowera tsopano, ngakhale makolo awo sanaudziwe: mnyamata kapena mtsikana wa chikwama kumsana, amene akaodira pakhomo napatsidwa mphasa, amayamba kufunsa mwini nyumba za ana ake, za nkhokwe yake, za mtedza umene anakolola, kufikira za maliro amene anagwa pakhomopo. Anthu amangoti "a kafukufuku abwera." Ine ndimaona kuti mbiri ya sukulu zaukachenjede, imene imayesedwa ndi zolemba zosindikizidwa kutali, yatsamira pa ana amenewa, amene maina awo samveka konse.

Boma la Mchinji lafunsidwa mafunso osawerengeka. Kuyambira 1998 akatswiri a University of Pennsylvania akhala akubwerera ku mabanja omwewo kuno, ku Rumphi ndi ku Balaka. Mu 2006 Mtukula Pakhomo anayesedwa koyamba m'boma lomwe lino, ndipo Centre for Social Research ya ku Zomba, pamodzi ndi Boston University, ndiyo inalondola zipatso zake. Nazonso zotsatira za kafukufuku wa magulu a amayi a MaiMwana zinatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2013, dziko lonse la zaumoyo niliwerenga.

Koma tamverani achinyamata oyenda ndi mafunso aja. Amati ntchito yawo ndi ganyu wa masabata owerengeka, ndipo ikatha amabwerera kwawo ndi digiri yawo m'thumba kukadikira ina. Amati agogo amawafunsa kuti, popeza anzawo anabwera kale nasiya sopo, nanga mayankho aja anapindula chiyani; ndipo funso limenelo alibe poliyankhira, pakuti iwonso sanaonepo buku limene linatuluka m'thukuta lawo. Amanenanso motsitsa mawu za yesero la wotopa, lokhala pansi pa mtengo ndi kudzaza yekha mayankho, chimene iwo amachitcha kuphika. Ndipo n'chifukwa chake wowayang'anira sagona msanga, koma amapenda pepala lililonse usiku, nabweza m'mawa amene walumpha funso. Kukhulupirika kwa munthu wolipidwa pang'ono, pamalo pamene palibe diso lomuona, ndiko kumandichititsa nthumanzi ndi ulemu pamodzi.

Ambiri a iwo mtima wawo uli pa digiri yachiwiri, ndipo apa ndi pamene chisoni changa chikulira. Wopeza malo amasowa fizi. Wopeza fizi amasowa ndalama yobwererera kumudzi kukafufuza. Ndipo wopeza zonsezi amayembekeza miyezi kuti mphunzitsi womuyang'anira awerenge chaputala chake. Sindiweruza aphunzitsiwo, pakuti nawonso amadandaula kuti munthu mmodzi aphunzitse khamu lodzaza holo, achonge mayeso ake, alembe zopempha thandizo kwa azungu, ndiponso agwire maganyu a mabungwe kuti ana ake adye. Ndipo akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Wovumbwa kwambiri ndi wophunzira uja, amene chaka chimamuthera ali chiimire.

Zilipo zotonthoza. Mu 2016 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inasankha AquaFish ku Bunda ndi ACEPHEM ku College of Medicine kuti zikhale malo osulirapo ophunzira a madigiri apamwamba, ndipo ena anaphunzira osagulitsa ng'ombe za atate awo. Koma thandizo lotere lili ndi nyengo yake, ndipo likaphwa mavuto akale amabwerera.

Chimene ndipempha kwa akuluakulu a sukulu zaukachenjede za ku Zomba, ku Bunda ndi ku Blantyre n'chakuti, pogwirizana ndi alendo ofuna kufufuza kuno, alembe m'pangano kuti mwa achinyamata oyenda m'midzi ena alipiriridwe maphunziro, aloledwe kulemba digiri yawo pa mayankho amene anatola okha, ndipo kuti zopezedwazo zidzawerengedwe m'Chichewa pabwalo la Inkosi Zulu, agogo aja ali pomwepo.