GALU WA M'TAUNI NDI MAULENDO A CILIMWE

Ndi Mtolankhani Wathu

Mwezi wa Okutobala ukafika mu mzinda wa Lusaka munthu sacita kuuzidwa. Dzuwa limatuluka lokwiyakwiya, maluwa a mitengo ya jakaranda amayoyoka nayala m'mphepete mwa miseu, ndipo pofika masana phula la mu Cairo Road limatentha mapazi ngakhale a munthu wobvala nsapato. Pa Ciweru m'mawa, m'nyumba zambiri za ku Chelstone, Kabwata ndi Woodlands mumamveka phokoso la ana ofunafuna zipewa zao, amai akulongedza mpunga ndi nkhuku yokazinga, atate akuthira madzi akumwa m'zigubu. Banja likupita kukapitidwa mphepo. Koma pacipata pamakhala wina amene amapenya zonsezi ndi maso acisoni, mcira uli pansi, lilime lili panja. Ameneyo ndiye galu wa pakhomopo, ndipo nkhani yathu ya sabata ino ndi ya iyeyo.

Kapena wina afunsa kuti, "Za agalu a m'tauni zitikhudza bwanji ife a ku Katete, Petauke, Chadiza ndi Lundazi?" Zitikhudza ndithu. Ambiri amene asunga agalu mu Lusaka ndi ana athu amene anakulira kumudzi. Anyamata ambiri amene amadyetsa ndi kusambitsa agalu a kumayadi ndi ocokera kwathu. Ndiponso mseu wa Great East Road, umene umanyamula mbatata ndi nshawa kupita ku Lusaka, umanyamulanso tiana ta agalu m'makatoni, tina tikupita, tina tikubwera. Matenda a galu sadziwa malire a tauni ndi mudzi.

Galu wa kumudzi ndi mnzake wa kumayadi

Kumudzi galu ndi wanchito. Amatsagana ndi mbuye wake kuuzimba, amapitikitsa anyani ndi nguluwe kumunda, ndipo usiku amauwa fisi akayandikira khola la mbuzi. Malipiro ake ndi mkute, mafupa ndi malo ogona paphulusa pafupi ndi khichini. Ngakhale dzina lake limagwira nchito, pakuti akuluakulu amapatsa galu dzina lokuluwika, kuti pomuitana mnansi wamiseche amve yekha cimene cikunenedwa.

M'tauni mbiri ya galu inayenda njira ina. Lusaka anakhala likulu la dziko m'caka ca 1935, ndipo atsamunda anagawa mzindawo monga mwa khungu la anthu. Azungu anakhala m'nyumba za mabwalo aakulu, zimene mpaka lero timazicha kumayadi, monga ku Woodlands ndi Kabulonga. Anchito acikuda anapatsidwa tinyumba tating'ono ku Kabwata ndi Chilenje. Okalamba akumbukira kuti munthu wofuna nchito kumayadi ankayamba kulonjeredwa ndi galu asanaone mwini nyumba. Ufulu utabwera pa 24 Okutobala 1964, eni dziko analowa m'nyumba zija, ndipo pamodzi ndi kapinga ndi maluwa analandiranso mwambo wosunga galu wa mumpanda.

Lero mu Lusaka muli agalu a makhalidwe atatu. Pali alonda, agalu aakulu a mitundu yakunja monga German Shepherd, Rottweiler ndi Boerboel, amene amatsekeredwa usana namasulidwa usiku kuseri kwa mipanda ya njerwa. Pali tiagalu tating'ono taubweya wambiri, timene timagona m'nyumba ndi kuseweretsedwa ndi ana. Ndipo pali galu wamba wa m'komboni, m'bale weniweni wa galu wa kumudzi, amene ali ndi mbuye m'dzina cabe, koma cakudya amadzifunira yekha kudzala ndi kumsika.

Kumene malo ali ocepa, monga m'nyumba zosanjikizana za ku Kabwata, mabanja ena amasunga mphaka, ndipo ana amaweta nkhunda kapena akalulu kuseri kwa nyumba. Alipo anthu amene amamuda mphaka pomuganizira za ufiti, koma mai amene anapezapo thumba la ufa litabooledwa ndi makoswe amadziwa mtengo wa mphaka.

Agogo akabwera kudzaceza kucokera kumudzi amagwira pakamwa poona mdzukulu akusambitsa galu ndi sopo. Akamva kuti galuyo ali ndi khadi lake la katemera amafunsa kuti, "Kodi iwe mwanawe, galu nayenso amapita kusikelo?" Ana amaseka, koma monga tidzaona kutsogoloku, khadi limenelo ndi lofunika kuposa sopo.

Pali mau amodzi amene sitingawabise. Mnyamata amene amaphikira galu nyama pamene iye mwini adyera nsima ndi ndiwo zamasamba sakhala ndi mtima wabwino pa galuyo. Kukonda ciweto ndi cinthu cokoma, koma wokonda galu wake ayambe wakumbukira munthu amene amamsamalira galuyo.

Kumene mabanja amapita

Nyengo yotentha imafika ana ali pakati pa temu yacitatu, conco maulendo ambiri amacitika pa Ciweru, pa Sondo ndi pa masiku a chuthi monga la Ufulu. Mabanja a ndalama zocepa sasowa kopita. Mu Burma Road muli Kabwata Cultural Village, kumene Boma m'caka ca 1974 linasunga nyumba 43 zozungulira zaudzu mwa zija zimene atsamunda anamangira anchito. Kumeneko amisiri amasema ng'oma, mipando ndi zinyama zamtengo, ndipo mwana wobadwira m'tauni amaona ndi maso ake nyumba yofanana ndi ya agogo ake. Pafupi pomwepo, ku Chilenje, pali nyumba nambala 394 m'mene Dr Kenneth Kaunda anakhala kuyambira 1960 kufikira 1962. Mu Independence Avenue muli Lusaka National Museum, imene inatsegulidwa mu 1996, ndipo mkati mwake muli mthunzi wabwino dzuwa likakula.

Amene ali ndi motoka, kapena ndalama ya basi, amaturuka kunja kwa mzinda. Ku Chilanga, pa mseu wopita ku Kafue, kuli malo a dzina la cinenero cathu, Munda Wanga, amene anayambidwa ndi Ralph Sander m'zaka za m'ma 1950 ngati munda wa mitengo ndi maluwa. Makolo ambiri a lero anaonera mkango koyamba kumeneko ali ana a sukulu. Kumpoto cakum'mawa kuli Kalimba Reptile Park, kumene kuli ng'ona ndi njoka, ndi maiwe oweza nsomba. Kum'mwera cakum'mawa kuli Lusaka National Park, imene inatsegulidwa mu 2015, kumene munthu amaona mbidzi, nyumbu ndi nswala mzinda uli pafupi pomwepo. Olemera amafika mpaka ku Siavonga, m'mphepete mwa nyanja ya Kariba. Acinyamata nawo, kucokera pamene Manda Hill inatsegulidwa mu 1999, amakonda kungoyendayenda m'masitolo aakulu, akunyambita aisikirimu.

Koma ku malo ambiri otere galu salandiridwa. Ku paki ya zinyama lamulo silimlola kulowa, ndipo cifukwa cake ncomveka: angapitikitse zinyama, angazipatsire matenda, kapena angatengeko matenda ndi nkhupakupa nkubwera nazo kunyumba. Conco pa tsiku la cisangalalo ca banja, galu amatsala.

Wotsala pakhomo

Apa ndi pamene ambiri amalakwa, osati cifukwa ca nkhanza koma cifukwa ca kusadziwa. Galu satuluka thukuta thupi lonse monga munthu. Amadziziziritsa mwa kupuma wefuwefu, lilime lili kunja, ndipo akasowa madzi ndi mthunzi kutentha kungamuphe tsiku limodzi lomwelo. Mtengo umene unali ndi mthunzi m'mawa pomumangirira ungakhale pa dzuwa loswa mtengo masana. Kanyumba ka malata kamene galu amatsekeredwamo kamasanduka ng'anjo. Mbale ya madzi ikakhala yopepuka, galu amaigubuduza banja lisanafike ndi pa siteshoni pomwe.

Tsono musanatseke cipata, ikani madzi m'ziwiya ziwiri zolemera, pamalo pamene mthunzi sucoka tsiku lonse. Ngati mutenga galu pa motoka, musamsiye mkati muli motseka ngakhale kwa kanthawi kocepa, pakuti motoka yoima pa dzuwa imatentha msanga koposa panja. Wofuna kuyenda naye acite tero m'mamawa kapena madzulo, cifukwa phula limene likutenthani cikhato likuochanso mapazi ake. Pobwera kuulendo musamponyere mafupa a nkhuku yophika, amene amasweka nakhala ngati singano m'matumbo. Ana auzidwenso kuti cokoleti ndi anyezi ndi poizoni kwa galu.

Ngati ulendo ndi wa masiku angapo, pezani munthu wodziwana ndi galuyo amene adzabwera tsiku ndi tsiku. Galu wosiyidwa ndi njala amadumpha mpanda kapena kukumba pansi pake, ndipo akatuluka amakumana ndi agalu oyendayenda. Pamenepo ndi pamene pamayambira bvuto lalikulu koposa onse.

Ciwewe

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti ciwewe cimapha anthu pafupifupi 59,000 caka ciliconse, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia. Pa anthu 100 odwala matendawa, pafupifupi 99 amawatenga kwa galu, ndipo mwa anthu 10 olumidwa ndi nyama zoganiziridwa ciwewe, 4 amakhala ana osakwana zaka 15. Mwana ndiye amasewera ndi galu, ndipo mwana ndiye amabisa bala poopa kukalipiridwa.

Kacirombo ka ciwewe kamakhala m'malobvu. Kakalowa pabala kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kulinga kuubongo, ndipo kawirikawiri pamapita miyezi iwiri kapena itatu munthu asanadwale. Bala limapola, banja limaiwala, koma matenda ali paulendo. Zizindikiro zikangooneka, monga kuopa madzi ndi kubwebweta, palibenso mankhwala, ndipo pafupifupi onse amamwalira. Amphaka nawonso amatenga ciwewe, nkhandwe za kuthengo zimacifalitsa, ndipo ng'ombe yodwala ciwewe imafa ndithu.

Si galu aliyense waciwewe amene amalusa. Wina amangofooka, cibwano cili lende, dobvu likucuca, ndipo mwini wake poganiza kuti fupa lamtsamwa amalowetsa dzanja m'kamwa. Musacite zimenezo.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15. Musathirepo tsabola, mcere, mankhwala a zitsamba kapena phulusa la ubweya wa galuyo. Pitani naye kucipatala kapena kukiliniki tsiku lomwelo, ndipo nyeleti zikayambidwa zitsirizidwe zonse. Dziwitsani a zaziweto kuti galuyo atsekeredwe ndi kupenyedwa kwa masiku 10, koma wolumidwayo asadikire masiku amenewo ali kunyumba. Katemera ameneyu si wacilendo: Louis Pasteur wa ku France anapulumutsa naye mnyamata wolumidwa ndi galu m'caka ca 1885, ndipo tsiku limene Pasteur anamwalira, 28 Seputembala, ndilo dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi ciwewe kuyambira 2007.

Lamulo ndi thandizo

M'dziko muno muli lamulo la agalu lochedwa Control of Dogs Act, mutu 247 wa Malamulo a Zambia. Mwini galu ayenera kumlembetsa, kumtemeretsa ndi kuona kuti sakuyendayenda mwacisawawa. Kamwana ka galu kamalandira katemera wa ciwewe kakakwanitsa miyezi itatu, ndipo pambuyo pake amabwerezedwa monga mwa malangizo a adokotala a ziweto. Akatswiri anapeza kuti agalu 7 mwa 10 alionse a m'dera akatemeredwa, matendawa amasowa poyenda. Maiko anapangana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wakufa ndi ciwewe cocokera kwa galu, koma pangano limenelo lidzakwaniritsidwa pakhomo pa munthu aliyense payekha.

Mu Lusaka thandizo lili pafupi. Pa University of Zambia pali sukulu ya madokotala a ziweto yochedwa dzina la Samora Machel, imene ili ndi cipatala ca ziweto, ndipo bungwe la Lusaka Animal Welfare Society limasamalira agalu ndi amphaka otayidwa nkuwapezera eni atsopano. Kumidzi kuli ofesi ya zaziweto pa boma lililonse ndi alangizi m'madera. Iwowa angathandizenso pa za nkhupakupa, utitiri ndi njoka za m'mimba, ndi pa za kufula agalu. Galu wamkazi angathe kubala kawiri pa caka, bere lake ndi la miyezi iwiri cabe, ndipo ana amene mwini alephera kudyetsa ndiwo amadzaza miseu.

Mvula ikagwa ndi sukulu zikatsekedwa mu Disembala, ana anu a ku Lusaka adzakwera mabasi pa Intercity kubwera kumudzi kudzadya Khirisimasi. Ena adzabwera ndi kagalu kogula m'mphepete mwa mseu, kopanda ndi pepala lomwe. Ena pobwerera adzapempha kamwana ka galu wanu wosaka uja kuti kakalonde nyumba ku Chelstone. Inu atate ndi amai, musanalandire kapena kupereka, funsani za katemera, ndipo ngati kulibe, yambani mwapita kwa alangizi. Uzaninso adzukulu kuti galu wacilendo sagwidwa, galu wakudya kapena woyamwitsa saseweretsedwa, ndipo wolumidwa anene msanga, sadzamenyedwa. Akulu anati safunsa anadya phula. Agogo aja anafunsa ngati galu amapita kusikelo. Yankho lake ndi lakuti inde, ndipo khadi lakelo limacinjiriza mdzukulu wao yemwe.