Tizamoyo ta m'mitsinje ya m'mapiri a Ntcheu ndi nsomba za kunyanja

Abale asodzi, ambiri mwa inu simunafikepo ku Tsangano, ndipo boma la Ntcheu silidziwika ndi usodzi. Koma madzi a mitsinje ya Bwanje ndi Livulezi, amene amathira m'nyanja ya Malawi chakumwera, amachokera kumapiri a kumeneko. Rivirivi nayo imachokera ku Ntcheu n'kukathira mu Shire.

Amene anawolokapo mtsinje wa m'phiri akudziwa kuti miyala yake imaterera. Kutererako si matope ayi. Ndi tizamoyo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, monga mabakiteriya, ndere ndi nkhungu, timene timamatirira pamwala. Tizilombo ta m'madzi timadya timeneti, matemba amadya tizilomboto, ndipo mpasa ndi sanjika zimadya matemba. Ningwe ndi ntchila zimachita kupala ndere ndi milomo yawo.

Nanga kutalika kwa phiri kukukhudzana bwanji ndi zimenezi? Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Nyanja yathu ili pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pamene madera a ku Tsangano amapitirira mamita 1,500. N'chifukwa chake kumeneko kumalimidwa kachewere ndi kabichi. Madzi ozizira amasunga mpweya wa okosijeni wambiri kuposa madzi ofunda, ndipo akamagwa m'miyala amawonjezera mpweyawo. Kumtunda, kumene mitengo yaphimba mtsinje, kumachuluka nkhungu ndi mabakiteriya owoletsa masamba ogwera m'madzi, ndipo ntchitoyo imayenda pang'onopang'ono chifukwa cha kuzizira. Madzi akatsikira kuchigwa cha Bwanje amafunda, amayenda mwaulesi, dzuwa limawawomba, ndipo ndere ndizo zimakula. Choncho mtsinje ndi umodzi, koma tizamoyo ta kumtunda ndi ta kuchigwa n'tosiyana mitundu, ndipo gulu lililonse lili ndi ntchito yake.

Mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ikatha ndi makala, madzi a kumtunda amafunda ngati a kuchigwa. Mvula yoyamba imakokolola dothi ndi feteleza wa m'madimba, matope amakwirira miyala, ndipo pansi pake mpweya umatha. Pamenepo tizamoyo tofuna madzi oyera timafa, m'malo mwake mumachuluka tina topirira uve. Apa ndiye pali vuto la msodzi. Mpasa imakwera mitsinje monga Bua ndi Linthipe kukaikira mazira m'timiyala toyera, ndipo mazira okwiririka ndi matope amafa asanaswe. Akuluakulu akukumbukira kuti m'zaka za m'ma 1950 ntchila inkadzaza mabwato. Lero ndi yosowa. Maukonde ndi mabiyo otseka pakamwa pa mitsinje nthawi yoswana anathandizira kuitha, koma kuwonongeka kwa mitsinje nakonso kuli ndi mlandu.

Nyengo nayo yasintha. Chilala cha 2015/16 chinaphwetsa mitsinje yambiri, ndipo mu 2018 damu la Mpira, la m'nkhalango ya Mvai, linauma, anthu a ku Ntcheu ndi Balaka n'kusowa madzi a m'mipopi. Mtsinje ukaphwa, tizamoyo tina timagona m'matope kudikira mvula, ndipo madzi akabwera timabwerera msanga. Tizilombo ndi nsomba ndizo zimachedwa kubwerera.

Lamulo la za usodzi la 1997 limapereka mphamvu kwa anthu akumudzi kutenga nawo mbali posamala nsomba, ndipo limaletsa kupha nsomba ndi poizoni. Katupe sapha nsomba zokha, amaphanso tizilombo timene ana a nsomba amadya. Ife tikuona kuti makomiti a BVC apafupi ndi pakamwa pa Bwanje ndi Livulezi asamangoyang'ana maukonde a padoko. Muzilemba m'buku la komiti tsiku limene madzi a mtsinje afiira ndi tsiku limene ayera, ndipo pamsonkhano wa ADC mupemphe mafumu kuti akumane ndi makomiti osamala nkhalango a kumtunda mvula isanayambe.